Mlamu, musalole kuti akubwezeni ndi paracetamol

Mlamu, ndawerenga zimene munalemba za bambo akunyumbawo, msilikali wakale amene akudwala, mukufunsa zowayezetsa uranium, mtima wanga wachita kuti myuu, chifukwa kutopa ndi kupweteka kwa m'chiuno mukunenako ndi mmene zinandiyambira ine. Nane ndinali ku Basra, ku Iraq, mu 2003, ndili msilikali wa ku Britain. Akasinja a asilikali a Iraq anali mbwee m'mbali mwa msewu, atapsa, ena ali ndi kabowo kakang'ono m'mbali. Ife anyamata tinkakwera, kulowa m'katimo, kujambulitsa. Fumbi lakuda m'manja, m'mphuno, kenaka n'kutsegula chakudya ndi manja omwewo chifukwa madzi osamba anali osowa. Kakhadi konena kuti tili kudera kumene agwiritsa ntchito depleted uranium (mwachidule DU, chitsulo chimene amapangira zipolopolo zoboola akasinja) ndipo tingathe kuyezetsa mkodzo anatipatsa ndithu, koma ndani ankawerenga kakhadi pamene bomba likulira usiku wonse? Kanga ndinakataya. Chitsulo chimenechi n'cholemera kuposa mtovu, chikaboola kasinja chimayaka n'kusanduka fumbi, ndiye fumbilo ndi lomwe munthu umapuma. Ndege za A-10 za Amereka zinkaombera zipolopolo zake, akasinja athu a Challenger 2 nawonso.

Patapita zaka, nditasiya kale usilikali, m'mawa wina ndikukodza ndinaona mkodzo wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Miyendo inali itatupa moti nsapato za kuntchito zinkakana. Ndinakhala pansi m'bafamo, mayi akunyumba akugogoda, ana akukonzekera kusukulu, ine osatha kuyankha. Ndinapita kwa dokotala tsiku lomwelo, ndinamufotokozera zonse, za Basra, za akasinja, za fumbi. Munthu uja maso ali pa kompyuta. Anandifunsa kuti ndinabwera liti m'dziko muno la Britain, ngati kuti za usilikalizo ndikupeka. Kenaka akuti mwina ndi nkhawa, asilikali ambiri mumaganiza kwambiri, kamweni paracetamol ndi madzi ambiri. Mkodzo sanauyeze, ngakhale kakapepala koviika kaja komwe kamatenga mphindi imodzi. BP sanandiyeze. Mphindi 7 ndinali panja, ndaima pamalo okwerera basi mvula ikuwaza, misozi ikutsika, bambo wa ana atatu. Mpaka lero ndikamukumbukira munthu ameneyu thupi limanjenjemera ndi ukali. Ndinanyamula mfuti chifukwa cha dziko lake, iye osafuna n'kundiyang'ana kumaso komwe. Ndipo mlembi wa pakhomo pa chipatalapo nayenso, ndikaimba foni akuti malo kulibe, muimbenso mawa, miyezi inayi yathunthu.

Amene anandimvera ndi dokotala wina wamkazi, ndipo ndi amene anathamangitsa zoyeza. Anandipatsa chigubu choti ndisonkhanitsemo mkodzo wa maola 24. Woyamba wa m'mawa umataya, wotsatira wonse umathira m'menemo mpaka m'mawa wa tsiku linalo, osaphonya. Ndinachita ndekha kumukakamiza kuti za uranium ziyezedwenso, ndipo apa mumvetse bwino: munthu aliyense, ngakhale agogo kumudzi, ali ndi uranium pang'ono mumkodzo wochokera m'madzi ndi m'zakudya. Kungoupeza si nkhani. Amayenera kuona mtundu wake, kuchuluka kwa U-238 poyerekeza ndi U-235, mitundu iwiri ya uranium, chifukwa wa m'zipolopolo uja anauchotsa U-235 wambiri. Zimenezo si labu iliyonse imatha. Ndinadikira masabata ambirimbiri, tulo osabwera, ndikuwerenga zoopsa pa intaneti mpaka tambala.

Zotsatira zinabwera zoyera, DU mulibe. Koma impso zanga zinali zitawonongeka kale ndi BP yomwe inakwera kwa zaka popanda woiona. Miyezi inayi ija ndikanayamba mankhwala. Pano ndimamwa mapilisi tsiku ndi tsiku, mchere ndinasiya, ndipo magazi amandiyeza pafupipafupi.

Ndiye ndikuuzeni zoona, mlamu, musaike mtima wonse pa uranium. Bungwe la Depleted Uranium Oversight Board kuno linayeza asilikali akale oposa 400, ambiri a nkhondo ya ku Gulf ya 1991, ndipo lipoti lake la 2007 silinapeze DU mwa aliyense. Mu 2021 akatswiri ofufuza Randall Parrish wa ku Portsmouth ndi Robert Haley wa ku Texas anayeza asilikali akale a Amereka 154, odwala ndi osadwala, osaupezanso. Amene amapezeka nawo kwambiri ndi aja anatsala ndi tizidutswa ta chitsulo m'thupi galimoto yawo itaomberedwa, ndipo madokotala a ku Baltimore, ku Amereka, akhala akuwatsata kuyambira 1993. Ngati abambowo sanavulale chotero, n'kutheka kwambiri kuti zawo zidzatuluka ngati zanga. Choyamba akayezetse impso, magazi ndi mkodzo, BP ndi shuga, sabata ino, osati mwezi wamawa.

Komabe kakamirani kuti za uranium ziyezedwe, musawamvere akamati n'kutaya nthawi. Fumbi likakhazikika m'mapapo limatuluka pang'onopang'ono kwa zaka, ndiye musaganize kuti mwachedwa. Ine tsiku limene ndinagwira pepala lija ndi limene ndinagona tulo koyamba. Abambowo akhale pansi alembe madera amene anali, miyezi yake, ngati analowa mu kasinja wopsa kapena kukoka magalimoto oomberedwa, ngati anali ku Bosnia kapena ku Kosovo mu 1999 alembenso. Auze a kuchipatala alembe m'faelo kuti ndi msilikali wakale, ambiri aife sititchula. Ndipo mupite nawo inuyo m'chipindamo. Ife amuna tikafika pamaso pa dokotala timati ndili bwinobwino, zimene zimativuta usiku osanena. Dokotala akayamba kuyang'ana kompyuta, mufunseni kuti alembe m'faelo kuti wakana kuyeza ndi chifukwa chake, kenaka pemphani wina. Mukafuna ndikuthandizeni kulemba kalatayo, ndipezeni ku inbox madzulo ndikaweruka.