Asilikali akachoka, malo amadyedwa usiku womwewo

Amayi ena a ku Chilenje mu Lusaka anditumizira imelo kufunsa kuti boma litatseka kampu ya asilikali yomwe ili pakati pa tauni, malowo angatipindulire bwanji ife anthu wamba. Amayi, funso lanuli landitokosa pabala.

Kukomboni kumene ndinakulira kunali malo aakulu a kampani ina yomwe inatseka. Munali nyumba zosungiramo katundu, mitengo ya mango ndi bwalo limene tinkamenyerapo mpira wa mapepala. Makolo athu ankangoti boma lidzamangapo kiliniki. Alonda atachoka, malata anayamba kusowa, mawindo anatsatira, kenako tinangoona anyamata a chipani atanyamula zingwe ndi zikhomo akudula mapuloti. Lero pamenepo ambulansi singalowe. Chimbudzi chili apa, chitsime apo. Ndiye chaka cha 2024 Heroes Stadium itasanduka chipatala cha kolera, ine sindinadabwe, ndinangopsa mtima, chifukwa matendawa timawadzala tokha tsiku lomwe tikugawana malo mwachisawawa.

N'chifukwa chake sindikhulupirira munthu wondionetsa chithunzi chokongola cha zomwe zidzamangidwe. Malo sabedwa pulani itatuluka, amabedwa pakati pa tsiku lochoka mwini wake ndi tsiku lobwera wina.

Taonani ku Philippines. Phiri la Pinatubo litaphulika mu 1991, asilikali a America anasiya kampu ya ndege ya Clark, ndipo anthu anaizula mpaka mawaya ndi zitseko. Ku kampu ya asilikali a pamadzi ya Subic Bay, kumene anachokako mu 1992, meya wa mzinda woyandikana nayo wa Olongapo, Richard Gordon, anasonkhanitsa anthu masauzande ongodzipereka. Ankalondera nyumba, kutchetcha udzu, osalandira kanthu. Malowo anakhala doko la malonda, ndipo kampani yonyamula katundu ya FedEx inabwera kudzakhazikitsa likulu lotumizira katundu. Dziko limodzi, zaka zoyandikana, koma kwina kunali anthu oti "izi n'zathu".

Ndipo musandiuze za shopping mall ina. Tili ndi Manda Hill, Arcades, East Park, Levy, zatikwana! Ku Freiburg ku Germany, asilikali a France atachoka mu 1992, anthu a mumzindamo anaumirira mpaka kampu ya Vauban inakhala mudzi wa mabanja, ana akusewera mumsewu. Ku California ku America, kampu ya Fort Ord inatsekedwa mu 1994 ndipo mbali ina inakhala yunivesite. Ku Austin ku America komweko, kampu ya Bergstrom ndiyo inakhala bwalo la ndege la mzinda mu 1999. Ife ana athu akusowa pomenyera mpira.

Chimene mungachite

Pansi pa kampu pamabisala mafuta, mankhwala ndi mabomba osaphulika. Ku Fort Ord ntchito yochotsa zimenezi yatenga zaka makumi. Kuno kwathu ambiri timamwa madzi a pa mjigo ndi pachitsime, choncho a ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ayeze dothi ndi madzi munthu asanakumbe maziko. Malinga ndi lamulo la malo la 1995, malo onse ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo mapepala amadutsa kwa Commissioner of Lands, mkulu wa boma woona za malo. Ndiye pangani komiti mphekesera zikangoyamba, muitane khansala ndi phungu wanu, mufunse kalata yonena malowo apita kwa ndani, ndipo mpanda ndi alonda zisachoke mpaka kalatayo mutaiwerenga nokha.