Ana a ku Korea amene mukuwasirirawo

Achemwali, inu amene mukulera mwana kuno ku South Korea, musafulumire kusirira ana a ku Korea amene mumawaona atakhala phee m'sitima n'kumaganiza kuti amayi awo anawaphunzitsa kuugwira mtima, chifukwa ambiri anangophunzitsidwa kubisa zimene zikuwapweteka. Ine ndinakwatiwa ku Seoul ndipo zimenezi zinachitika m'nyumba mwanga momwe.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9 analemba mayeso olowera ku hagwon ya masamu, sukulu zolipira za maphunziro owonjezera zimene lamulo la mu Seoul limazilola kuphunzitsa mpaka 10 koloko usiku, ndipo anamuika m'kalasi yotsika. Atafika kunyumba anagwa pakhomo penipeni, chikwama chidakali kumsana, n'kuyamba kulira mpaka kubanika. Apongozi anga aakazi sanamufunse n'komwe chimene chinavuta. Anamuimiritsa, anamupukuta kumaso ndi mphamvu, n'kumuuza kuti apirire chifukwa oyandikana nawo akumva, ndipo anatchula mwana wa mnzawo wa ku Daechi-dong, dera la mu Seoul lodziwika ndi ma hagwon, amene akuti anali atayamba kale masamu a kusekondale. Mwanayo anatonthola nthawi yomweyo, anadya mpunga wake wonse, anathokoza mwaulemu, koma pakati pa usiku anasanza pabedi ndipo ankanjenjemera akundipempha kuti agogo asadziwe. Nanga bambo ake? Anatuluka panja osalankhula kanthu, pakuti nawonso analeredwa ndi manja omwewo, moti mpaka lero akakhumudwa amangoti atopa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti apongoziwo ankanyadira kuti mdzukulu wawo walimba, ndipo ine ankanditenga ngati mlendo wolekerera ana. Dziko la Korea linachotsa mu 2021 ndime ya malamulo imene inkapatsa makolo ufulu wolanga ana, koma zimenezi sizinathetse kuyerekezera mwana ndi anzake kapena kumusalira mawu mpaka atakhoza. Mayi amene mtima wake uli pa Suneung, mayeso olowera ku yunivesite a mu Novembala amene amaimitsa ngakhale ndege pa nthawi yomvetsera Chingelezi, amaona misozi ngati kutaya nthawi, ndipo mwana amaphunzira kuti chikondi chimabwera pamodzi ndi malikisi. Mkwiyo wobisidwa mumtima umakhala ngati moto wa m'mankhusu, ndipo madokotala a kuno amaudziwa bwino ngati matenda a hwabyung, amene amagwira kwambiri amayi achikulire.

Mwana wanu akamalira, khalani naye pansi, mumuthandize kutchula ngati ndi mantha, manyazi kapena mkwiyo, kenako mukambirane za mayesowo. Komabe musamuchotse ku hagwon, chifukwa anzake onse amapezeka kumeneko, ndiponso musakangane ndi apongozi anu pamaso pake. Muphunzitseni kuti pagulu azidziletsa ndithu, adzalirire kuchipinda muli awiri, popeza kuno mwana wosiyana khungu ndi anzake amayang'anidwa kale ngakhale asanalakwe.