Chifukwa chake mpendadzuwa wa amalume unatuluka mphwepwa

Zikomo amalume, ndaumvera uthenga wanu uja. Mukufunsa kuti zinatheka bwanji mpendadzuwa wanu wa chaka chatha kukhala ndi mitu ikuluikulu chonchija, koma popuntha njere zambiri n'kupezeka mphwepwa, komanso ngati chaka chino mudzale ndi mvula yoyamba pamodzi ndi chimanga. Ndiyankhira pagulu pomwe pano kuti azakhali nawonso amve.

Mutu uja timauyesa duwa limodzi, koma pakati pakepo pamakhala timaluwa ting'onoting'ono mazanamazana, ndipo kalikonse kamabereka njere imodzi. Sitimasula tonse tsiku limodzi ayi. Timayambira m'mphepete kulowera pakati, kwa sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Mungu wake ndi wolemera, womata, mphepo siiunyamula ngati mmene imachitira ndi wa chimanga. Ntchito imeneyo ndi ya njuchi. Kaduwa kakapanda kulandira mungu, khoko la njere limakula bwinobwino koma m'kati mulibe kanthu.

Ndiye tayesani kukumbukira kuti mphwepwazo zinali pati. Ngati zinali mutu wonse, apa ndi apo, njuchi zinachepa: mwina munapopera mankhwala maluwa atamasula, kapena sabata imeneyo kunali mvula yosalekeza. Mbewu yobwereza imavutika kwambiri pamenepa, pomwe mitundu yambiri ya haibulidi imatha kudziberekera ngakhale njuchi zichepe. Koma ngati zinali pakati pokha, ndiye kuti chomera chinalephera kudyetsa mutu wonse, kaya chifukwa cha ng'amba, kaya nthaka yoguga, kaya mutuwo unakulitsa. Ee, mutu waukulu si mwayi amalume. Umabwera mukatalikitsa mapando, sudzaza pakati, ndipo umachedwa kuuma.

Pa mizere yotalikirana masentimita 75, mapando akhale pa masentimita 30, chomera chimodzi pa phando. Ngati mbewu simukuikhulupirira, ikani njere ziwiri, mudzapatulire pakatha masabata awiri zitamera. Kuya kwa phando kukhale masentimita 3 mpaka 5. Mukapitirira apo, kapena dothi likagwira chikhakha pamwamba, mmera umafera pansi. Haibulidi, makilogalamu awiri akwanira ekala.

Zodzala ndi mvula yoyamba, musatero. Mbewuyi imakhwima pa miyezi itatu ndi theka kapena inayi. Mukadzala mu Novembala, ikhwimira m'kati mwa mvula ya mu Malichi. Kumsana kwa mutu kuja ndi kofewa, kumamwa madzi, ndiye mutu umaola njere n'kugwira chuku. Dikirani kumapeto kwa Disembala mpaka pakati pa Januwale. Musachedwenso kupitirira apo, chifukwa maluwa amabwera pakatha pafupifupi miyezi iwiri, ndipo nthawi imeneyo ndi imene chomera chimafuna chinyezi kwambiri. Anthu amati mpendadzuwa umapirira chilala, n'zoona, muzu wake umalowa pansi kwambiri, koma osati pa nthawi ya maluwa.

Palirani msanga, masabata asanu ndi limodzi oyambirira m'munda musakhale udzu. Feteleza wokulitsa asakhudze njere, amaiwotcha, muikeni chapambali. Yuriya thirani wochepa, chifukwa akachuluka chomera chimangotalika, chimagwa ndi mphepo, mafuta n'kuchepa m'njere. Ndipo musabwereze pamunda wa chaka chatha uja, matenda oola mutu ndi tsinde amatsalira m'nthaka. Pasinthitseni ndi chimanga kwa zaka ziwiri kapena zitatu.

Kupopera kukakhala kosapeweka maluwa alipo, poperani madzulo njuchi zitapita. Amene ali ndi ming'oma, muwapemphe aisendeze pafupi ndi munda, nawo apindulapo uchi. Mudzaona kuti mitu ikamasula imasiya kutsatira dzuwa n'kungoyang'ana kum'mawa. Si matenda ayi, imafunda msanga mamawa ndipo njuchi zimakonda zimenezo.

Pokolola muziyang'ana kumsana kwa mutu. Kukachoka pa kubiriwira n'kufika pa chikasu choderako, timasamba ta m'mphepete titauma, dulani. Musadikire kuti uumiretu m'munda, mpheta ndi njiwa zikuthandizani kukolola. Yanikani mitu pathandala, njere zitayang'ana kumwamba, ndipo madzulo muzifunditsa. Ikauma punthani ndi kamtengo, petani bwino palichero kuti mphwepwa zichoke. Njere youma imathyoka "thwa" mukailuma. Ikamapindika, isalowe m'thumba.

Ngati cholinga chili choyenga mafuta, dzalani ya njere zakuda, ya mizeremizere ija mafuta ake ndi ochepa. Pamakina ang'onoang'ono, lita imodzi imatuluka pa makilogalamu atatu kapena anayi, ndipo zotsalira zija musazisiye kumakina, ndi chakudya chabwino cha nkhumba, ng'ombe ndi nkhuku. Komanso mpendadzuwa ndi wopepuka: thumba lolowa makilogalamu 50 a chimanga, la mpendadzuwa limangokwana cha m'ma 30. Pokambirana mtengo ndi mavenda muziwerengera pa sikelo, osati pa thumba.