Manegetivuwo Musataye, za Lamineshoni Iwalani

Achemwali, mwafunsa za zithunzi ndi timizere ta filimu tomwe mwapeza mu sutikesi ya malemu bambo anu, ngati kuli bwino kumatitsa zithunzizo lamineshoni, timizereto n'kutaya. Zonse ziwiri ayi ndithu.

Timizere tofiirirato ndi manegetivu, ndipo phindu lake limaposa la zithunzi zotsukazo. Filimu ya 35mm, kaya Kodak kaya Fuji, inkakwana zithunzi 24 kapena 36, koma si zonse zinkatsukidwa, ndipo zina anagawana achibale kalekale. Musadabwe kupezamo nkhope zomwe simunazionepo. Walitsani foni, ikani kamzere pamwamba pake muone, koma mugwire m'mbali mokha chifukwa mafuta a chala amasiya chidindo.

Lamineshoni imagwiritsa ntchito kutentha ndi guluu, ndipo ikamata sichokanso popanda kuwononga chithunzi. Zithunzi zomwe zamatana chifukwa cha chinyontho musazikoke. Nkhope imatsalira kumsana kwa chinzake, basi yapita. Zijambuleni kaye ndi foni momwe zililimo, zoyesa kulekanitsa zibwere pambuyo.

Posunga, pewani pansi pomwe pamafika chiswe, pewaninso kufupi ndi malata chifukwa kutentha kumafwifwitsa mitundu. Ikani mu maemvulopu a pepala, muchotse malabala omangira, muponyemo timapaketi ta silica gel topezeka m'makatoni a nsapato. Dzinja likafika muzisuzumiramo ngati sizinachite chuku. Kamzere konunkha viniga kayamba kuwonongeka, kakhale pakokha ndipo kayambe ndiko kupita pa sikana, makina olowetsera zithunzi mu kompyuta.

Pa sikanapo, zithunzi zotsuka apange 600 dpi (dpi ndi muyezo wa kuoneka bwino kwa chithunzi), manegetivu 2400 dpi kapena kuposa. Funsani kaye, makina ambiri a m'mashopu a fotokope alibe nyali ya manegetivu. Ndalama zikavuta, PhotoScan, pulogalamu ya pa foni ya Google, imajambula zithunzi zotsuka n'kuchotsa kunyezimira bwinobwino. Potumiza pa WhatsApp sankhani "document", apo ayi chithunzi chimachepa kuoneka bwino.

Koma ine ndikanayamba ndi ichi makina asanabwere: nyamulani zithunzizo mupite kwa azakhali kapena agogo omwe alipobe. Akuuzeni kuti wasutiyo ndi ndani, anajambulitsa ku Joni ali ku Theba kapena pa ukwati wa ndani, chaka chanji. Lembani kumbuyo ndi pensulo yofewa, osati bolopeni, imadinda mpaka kutsogolo. Foni muisiye ikujambula mawu akamafotokoza, chifukwa dzanja lanu silingawapeze akayamba kulongosola mibadwo.