Funsani Azaumoyo: Ntchito yosamala malo ndi chitetezo cha ogwira ntchito m'chipatala

Makalata a mwezi uno akhudza anthu amene wodwala sawaona kawirikawiri: oyang'anira madzi, zinyalala, mankhwala oyeretsera ndi ngozi za pantchito m'zipatala zathu. Ayankha ndi akatswiri a ukhondo wa malo ndi chitetezo cha pantchito.

FUNSO: Ndili Fomu 4 ndipo ndimafuna kudzagwira ntchito m'chipatala, koma udokotala ndi unamwino mtima wanga sulipo. Aphunzitsi ananditchulira za Environmental Health. Ndi ntchito yanji, ndipo amaphunzira kuti? Mtsikana wa ku Dedza.

YANKHO: Achemwali, ntchitoyi ndi yoonetsetsa kuti munthu amene wabwera ndi malungo asabwerere kwawo ndi kolera, ndiponso kuti omusamalira asavulale kapena kutenga matenda ali pantchito. Pachipatala chachikulu cha m'boma amatsogolera ntchitoyi ndi mkulu wa ukhondo wa malo m'bomalo (DEHO), pansi pake pali maofesala a ukhondo wa malo (ma EHO) ndi othandizira awo (ma AEHO), ndipo kumidzi kuli alangizi a zaumoyo, aja timangowatchula kuti ma HSA.

Tsiku la ntchito limayambira kuthanki. Mumayeza ngati madzi a pampopi ali ndi klorini wokwanira, pakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita, ndipo mumawerengera ngati madziwo akwane. Bungwe la WHO limati wodwala wogonekedwa amafunika malita 40 mpaka 60 patsiku, pamene mayi mmodzi wobereka kapena opaleshoni imodzi imafuna malita 100. Kuchoka apo mumazungulira zimbudzi, kukhitchini, kochapira, kumochale, kumalo a osamalira odwala ndi kowotchera zinyalala. Malipoti a matenda ofala, katemera ndi kuyendera malo ogulitsira zakudya nazonso zimagwera m'dipatimenti yomweyi.

Njira zodziwika bwino ndi ziwiri. Pali digiri ya Environmental Health ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, kumene kale tinkati ku Polytechnic; amalowa kudzera m'masankho a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndipo pamafunika makirediti 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Palinso dipuloma ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Limbikirani Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics, chifukwa ntchitoyi ndi yowerengetsera tsiku ndi tsiku. Mukamaliza mumalembetsa ku Medical Council of Malawi. Olemba ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo, makhonsolo, zipatala za mishoni za CHAM ndi mabungwe a zamadzi ndi ukhondo. Tikuchenjezeretu kuti si ntchito ya suti. Ngati fungo la dzenje lodzadza lingakuthawitseni, ganizirani kawiri.

FUNSO: Ndimagwira ntchito yokolopa ndi kuchotsa zinyalala m'wodi. Mwezi watha mnzanga anabayidwa ndi singano imene inali m'jumbo lakuda. Anafinya chalacho, n'kuthirapo Jik, ndipo sananene kwa aliyense poopa kukalipidwa. Kodi anachita bwino? Mayi wa ku Mangochi.

YANKHO: Amayi, ayi, sanachite bwino, koma wolakwa woyamba si iye. Singano siyenera kupezeka m'jumbo lakuda. Tiyambe ndi mnzanuyo, tibwereranso kwa amene anaitaya.

Munthu akabayidwa asambitse pabalapo ndi sopo pamadzi oyenda. Asafinye, asayamwe, asathire Jik kapena spiriti, chifukwa zonsezi zimangowononga mnofu osachotsa kachilombo. Magazi akathovukira m'maso kapena m'kamwa atsukuluze ndi madzi ambiri oyera. Akatero anene nthawi yomweyo kwa namwino woyang'anira wodi, ngakhale ndi pakati pa usiku, kuti ayezedwe HIV ndi kuyamba mankhwala a PEP, oteteza kuti asatenge kachilomboko. Mankhwalawa amagwira bwino akayambidwa m'maola oyambirira, ndipo pakadutsa maola 72 saperekedwanso. Amamwa masiku 28 osadumphitsa, kenako munthu amayezedwanso pakatha miyezi 3.

Ambiri amaopa HIV yokha, chonsecho singano imafalitsa kwambiri matenda a chiwindi a hepatitis B. Mwa anthu 1,000 obayidwa ndi singano ya munthu amene ali ndi HIV, pafupifupi 3 ndi amene amatenga kachilomboko. Koma kwa hepatitis B, mwa anthu 100 opanda katemera angatenge 6 mpaka 30. Katemera wake ndi jakisoni katatu: lero, pakatha mwezi, ndi pakatha miyezi 6. Apa ndi pamene timaona kukondera. Katemerayu akapezeka, pamndandanda amayamba madokotala ndi anamwino, okolopa ndi owotcha zinyalala n'kuiwalika, pamene iwowo ndiwo amanyamula majumbowo ndi manja.

Mnzanuyo nthawi ya PEP inamudutsa, koma apitebe akayezetse HIV ndi hepatitis B, adzabwereze pakatha miyezi 3, ndipo ngoziyo ilembedwe m'buku. Popanda cholembedwa n'kovuta kudzapeza chipukuta misozi chimene lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limapereka kwa wovulala pantchito.

Tsopano za singanoyo. Lamulo ndi lakuti wobaya jakisoni ndiye amataya singano, pomwepo, osabwezeretsa kachivindikiro, m'bokosi la katoni lija la chikasu. Bokosi la malita 5 limalowa majakisoni pafupifupi 100, ndipo litsekedwe likafika pamzere, magawo atatu mwa anayi. Singano zimapezeka m'majumbo pa zifukwa zodziwika: bokosi laikidwa kutali ndi bedi, ladzadza mpaka singano kutulukira pakamwa, lanyowa chifukwa laikidwa pansi pomwe mukukolopa, kapena kusitolo mabokosi atha ndipo palibe anaitanitsa msanga. Ntchito ya EHO kapena woyang'anira zopewa matenda ndi kufufuza kuti mwa izi chachitika ndi chiti, osati kufunafuna woti amukalipire. Inu nomwe, nyamulani jumbo poligwira pakhosi, osalikumbatira kapena kuliika pamutu, osakanikiza zinyalala ndi dzanja kapena phazi, ndipo valani magolovesi ochindikala aja ofika m'chigongono. Opyapyala a anamwino singano imangodutsa.

FUNSO: Nyumba yanga ili pafupi ndi chipatala chaching'ono. Akamawotcha zinyalala kumatuluka utsi wakuda wonunkha mpaka ana kutsokomola. Kodi ndi mmene zimayenera kukhalira? Bambo wa ku Kasungu.

YANKHO: Bambo, utsi wakuda ndi chizindikiro chakuti moto sukutentha mokwanira. Zipatala zambiri zazing'ono zili ndi ng'anjo yanjerwa ya mtundu wa De Montfort, ya zipinda ziwiri: choyamba chimawotcha zinyalala, chachiwiri chimawotcha utsiwo usanakwere m'chumuni. Kuti chipinda chachiwiri chigwire ntchito, kutentha kuyenera kupitirira madigiri 800. Zili ngati mbaula: mukaunjika makala onyowa pamoto wosayaka bwino mumangopeza utsi.

Wowotcha wodziwa ntchito amayamba wachotsa phulusa la dzulo ndi fosholo, ng'anjo ili yozizira, n'kutsegula mabowo olowera mpweya. Amakoleza nkhuni zouma ndi mapepala kwa mphindi 20 mpaka 30 kuti njerwa zitenthe, kenako amaponya zinyalala pang'onopang'ono, pafupifupi mphindi 10 zilizonse, kusakaniza zonyowa monga mabandeji ndi zoyaka msanga monga mabokosi a singano. Cholakwika chofala ndi kudzadza ng'anjo yozizira mpaka pakamwa, kuthira dizilo, kuyatsa n'kuchokapo. Zinanso ndi chitseko chodyeka ndi dzimbiri, ming'alu m'njerwa ndi chumuni chotsekeka ndi mwaye.

Pali zinthu zosayenera kulowa m'ng'anjomo n'komwe. Mapulasitiki a PVC, monga machubu a dilipi ndi matumba a magazi, akapsa pamoto wozizira amatulutsa poizoni wotchedwa dioxin amene amakhalitsa m'nthaka ndi m'thupi. Zitini za mankhwala opopera ndi timabotolo totsekedwa zimaphulika. Mabatire ndi zoyezera kutentha kwa thupi za mercury zimafalitsa poizoni mumpweya. Nsengwa za amayi obereka zili ndi dzenje lakelake la chivindikiro. Phulusa nalo limakhala ndi singano zosasungunuka, choncho limapita m'dzenje lotseka, mkati mwa mpanda, mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime kapena mjigo.

Koma vuto lenileni nthawi zambiri limayambira m'wodi. WHO imati mwa zinyalala zonse za m'chipatala, 85 peresenti ndi zinyalala wamba zonga za kunyumba, 15 peresenti yokha ndiyo yoopsa. Bini yakuda ndi ya zinyalala wamba, yachikasu ndi ya zokhudzana ndi magazi ndi zotuluka m'thupi, ndipo yofiira, kumene ilipo, ndi ya zoopsa kwambiri. Makoko a nthochi ndi nsima yotsala zikalowa m'bini yachikasu, zonsezo zasanduka zoopsa, ng'anjo imalandira katundu wochuluka komanso wonyowa, ndipo utsi uja ndi umenewo. Zinyalala zoopsa zisakhale maola oposa 24 nyengo yotentha, kapena 48 nyengo yozizira.

Kadandauleni kaye kwa mkulu wa chipatalacho kapena kukomiti ya anthu a m'dera yoyang'anira chipatala. Zikapanda kusintha, pitani kwa DEHO kapena ku ofesi ya zachilengedwe kukhonsolo. Lamulo la Environment Management Act la 2017, limene linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, silipatula zipatala pankhani yowononga mpweya.

FUNSO: Aliyense kuntchito kwathu amasungunula klorini mwanjira yake. Muyezo weniweni ndi uti? Mlangizi wa zaumoyo wa ku Nsanje.

YANKHO: Achimwene, funso lanu ndi la moyo ndi imfa kwa ife amene tinaona kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Yambani ndi kuwerenga mphamvu yolembedwa pachigubu. Ngati ndi ufa wa klorini wa HTH wa 70 peresenti, kuti mupeze 0.5 peresenti, woyeretsera pamene patayikira magazi, thirani magalamu 7 pa lita, kutanthauza magalamu 140 m'ndowa ya malita 20, pafupifupi masipuni akuluakulu 10 odzadza. Ngati ndi Jik wa 3.5 peresenti, kapu imodzi ya Jik pa makapu 6 a madzi. Wosambira m'manja ndi wa 0.05 peresenti: kapu imodzi ya 0.5 uja pa makapu 9 a madzi.

Kumsasa wa kolera miyezo ndi itatu. Wa 2 peresenti, magalamu 30 pa lita, ndi wa chimbudzi ndi masanzi a wodwala komanso mitembo. Wa 0.2 peresenti ndi wa pansi ndi mabedi. Wa 0.05 peresenti ndi wa m'manja ndi zovala. Ndowa iliyonse ilembedwe muyezo ndi tsiku, apo ayi wina adzasamba m'manja ndi wa 2 peresenti n'kusupuka khungu.

Sungunulirani m'ndowa yapulasitiki ya chivindikiro, osati yachitsulo, pamalo popita mpweya, mutavala magolovesi, masiki ndi zoteteza maso. Dikirani mphindi 30 kuti zotsalira za ufawo zikhazikike pansi. Pangani watsopano tsiku lililonse chifukwa dzuwa ndi kutentha zimamupha mphamvu. Pamalo pa magazi kapena masanzi yambani mwapukuta, popeza litsiro limatha mphamvu ya klorini asanaphe tizilombo. Musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira zimbudzi, amatulutsa mpweya wobanikitsa, ndipo ufawo sungani pouma, kutali ndi dizilo ndi mafuta.

FUNSO: Ndili ndi dipuloma ndipo ndagwira ntchito zaka zingapo ngati AEHO. Ndikufuna kukhala woyang'anira chitetezo cha pantchito. Ndiwonjezere chiyani? Mnyamata wa ku Mzuzu.

YANKHO: Achimwene, maziko muli nawo kale. Werengani lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997, limene amaliyendetsa ndi a Unduna wa Zantchito, mudziwe zimene limalamula olemba ntchito. Pamapepala, satifiketi ya NEBOSH International General Certificate, yochokera ku Britain, ndi imene makampani ndi mabungwe ambiri akunja amaidziwa, ndipo kudziwa miyezo ya ISO 45001 (ya chitetezo cha pantchito) ndi ISO 14001 (ya kusamala chilengedwe) kumathandiza. Musanalipire, tsimikizani kuti sukuluyo ndi yovomerezeka ndi eni satifiketiyo. Kukweza dipuloma kukhala digiri ndi kumene kumatsegula maudindo apamwamba m'boma.

Dziwaninso kuti m'zipatala zambiri za boma ntchitoyi amaigawana a Environmental Health, komiti yopewa matenda ndi a zokonzakonza, kotero mungayambe kuiphunzira pamene mulipo. Tengani wodi imodzi, lembani chilichonse chimene chingavulaze munthu, amene angavulale, ndi chochita, kuyambira kuchotseratu choopsacho. Zovala zodzitetezera zimabwera pomalizira. Yang'anani masilinda a okosijeni: aimikidwe chilili, omangidwa ndi tcheni kukhoma, opanda girisi kapena mafuta pavalavu, kutali ndi moto ndi mawaya ong'ambika, chifukwa okosijeni amachititsa kamoto kakang'ono kulilima. Onani tsiku lomaliza kuunikidwa pa chozimitsira moto chilichonse, makomo othawira amene atsekedwa ndi loko kapena mabedi othyoka, ndi ngati ojambula X-ray amavala kabaji koyeza cheza. Lipoti lotere, lokhala ndi zimene zinakonzedwa pambuyo pake, limalankhula kwambiri pa intavyu kuposa satifiketi yokha.

FUNSO: M'miyezi ya June ndi July odwala m'wodi ya TB amatseka mawindo chifukwa cha kuzizira. Tiwasiye? Namwino wa ku Ntcheu.

YANKHO: Asisitala, musawasiye. Tizilombo ta chifuwa chachikulu timayandama mumpweya kwa maola, ndipo chimatichotsa ndi mphepo yodutsa. Mawindo a mbali ziwiri zoyang'anana akhale otsegula usana ndi usiku, ndipo kuzizirako kuthetsedwe ndi mabulangete owonjezera. Apempheni kwa matroni mwezi wa May usanathe. Wodwala wotsokomola avale masiki wamba, inu muvale masiki yosefa tizilombo ya N95 yogwira bwino pamphuno ndi m'masaya, ndipo muziyezetsa TB chaka chilichonse kapena mukangoyamba kutsokomola.