Unyolo wa Bluetooth? Kiyi musataye

Achimwene, mwafunsa kuti tingaikemo bwanji tekinoloje yamakono m'zoseweretsa za akuluakulu zija, monga kachikwapu, kansalu kophimba m'maso ndi unyolo. Ine ndayamba ndaseka kaye.

Kachikwapuko muikemo kachipangizo kowerengera, ngati wotchi ija yowerenga masitepe. Mukafika pa 20 kazikuwa kuti, "Mwakwanitsa za lero!" kenako n'kutumiza lipoti ku foni. Bola lipotilo lisakagwere pa gulu la WhatsApp la abale.

Kansalu ka m'maso nako kazilankhula ngati GPS: "Khoterani kumanzere, kutsogoloku kuli mwendo wa bedi."

Koma pa unyolo ndiye samalani. Wotsekula ndi Bluetooth umaoneka wanzeru mpaka batire itatha, mnzanu ali chimangidwire, inu mukukwawa pansi kufunafuna chaja. Zinachitikapo zofanana nazo: mu 2020 akatswiri a chitetezo cha makompyuta a kampani ya Pen Test Partners anapeza kuti loko wovala amuna kumaliseche wotchedwa Cellmate ankatha kutsekedwa ndi munthu wachilendo kudzera pa intaneti, ndipo analibe potsekulira pamanja. Ndiye kiyi wamba azikhala pafupi. Mawu oimitsira masewero azimva mnzanuyo, osati Alexa, makina olankhula a Amazon aja, yemwe angoti sanamvetse n'kukuyatsirani nyimbo.