Mnzanga ndi wamphamvu kuposa ine, kodi ndivomere?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mchemwali wina wa kwathu amene akugwira ntchito ku Cape Town. Mnzake wa kuntchito wamupempha kuti alowe limodzi mpikisano wa adventure race, wa anthu awiriawiri, wotenga masiku awiri, usana ndi usiku: kuyenda pansi m'mapiri, kupalasa njinga, kupalasa bwato. Akuti iye amathamanga ndithu, koma mnzakeyo ndi chiphona, njinga anayamba kale, ndipo bwato amalidziwa. Funso lake ndi ili: "Ndikuopa kuti ndikamuchedwetsa, iye akakhumudwa, ubwenzi n'kuthera pomwepo. Kodi ndivomere kapena ndikane?"

Achemwali, vomerani. Koma musanalipire ndalama yolembetsera, khalani pansi awirinu, mukambirane zinthu zimene ndifotokoze apa.

Choyamba mudziwe kuti masewerawa anawapanga dala kuti munthu asapambane yekha. Chiyambire pa Raid Gauloises, umene Gérard Fusil anauyambitsa ku New Zealand mu 1989, anthu amapikisana m'matimu. Pa mipikisano ikuluikulu timu imakhala ya anthu anayi, amuna ndi akazi pamodzi, ndipo lamulo lodziwika n'lakuti musatalikirane kupitirira mamita 100. Wina akatsogola n'kukafika yekha pa checkpoint, malo amene timu iliyonse iyenera kudzerapo n'kulembedwa, wangotaya mphamvu pachabe, chifukwa timu imawerengedwa ikafika yonse. Kumene muliko zimenezi si zachilendo. Expedition Africa wakhala akuchitika kuyambira 2011, ulendo wa makilomita pafupifupi 500, ndipo mu 2023 mpikisano wa dziko lonse lapansi unachitikira ku Kouga, ku Eastern Cape, pa mtunda woposa makilomita 800. Ngakhale pa Cape Epic, umene ndi wa njinga zokha, anthu awiri a timu imodzi saloledwa kusiyana ndi mphindi zoposa ziwiri. Ndiye ngati mnzanuyo amawadziwadi masewerawa, akudziwa kale kuti liwiro lake lidzakhala liwiro lanu. Wakupemphani akudziwa zimenezo.

Chimene mwina simunachione n'chakuti pa ulendo wautali chonchi kufooka sikukhala pa munthu mmodzi. Kumayendayenda. Masana mudzakhala inu wotsalira, inde, makamaka pa njinga. Koma ikamakwana 3 koloko m'bandakucha, chiphona chija chikhoza kuyamba kusinza chili chiyendere, kapena m'mimba kukana chakudya, kapena matuza kuphulika kuphazi. Anthu a thupi lalikulu ndi liwiro lambiri nthawi zina ndi amene amayamba kutheratu dzuwa likaswa mtengo. Nthawi imeneyo wonyamula mnzake mudzakhala inu.

Ine zinandichitikira pa mpikisano wanga wachiwiri. Tinali awiri, ndipo wamphamvu ndinali ine. Mnzanga anayamba kumva kupweteka bondo cha m'ma 4 koloko madzulo, koma sananene. Ndinkangoona kuti wasiya kuyankhula, ndipo potsetsereka akuponda chammbali. Ndikamufunsa, iye, "Ndili bwino, tiyeni." Anabisa kwa maola asanu. Pamene ankavomera, bondo linali litatupa moti buluku linkamuthina, ndipo tinakhala pa mwala mumdima, tochi zili pamutu, iye akulira mwakachetechete. Akananena msanga ndikanatenga chikwama chake, tikanachepetsa liwiro, tikanamanga bondolo. Tinatuluka mumpikisano usiku womwewo. Chimene chinandipweteka si kutulukako. Chinandipweteka n'chakuti anavutika yekha maola onsewo ine ndili pambali pake, poopa kundikhumudwitsa. Mantha amene mwandilembera aja ndi omwewo, achemwali, ndipo ndi amene amagwetsa matimu kuposa kufooka kwenikweniko.

Choncho pangano loyamba likhale ili: aliyense anene vuto likadali laling'ono. Kaphazi kakayamba kutentha, imani, vulani nsapato, matani pulasitala thuza lisanatuluke. Mphindi zitatu zimenezo zimapulumutsa maola. Mukamva njala, nenani. Mukayamba kuzizidwa, nenani, musadikire kunjenjemera.

Pangano lachiwiri ndi lovutirapo, chifukwa limakhudza ulemu wa munthu. Vomerani kuthandizidwa. M'masewerawa matimu amakokana ndi chingwe, ndipo si zamanyazi ayi, ngakhale akatswiri amatero. Kumbuyo kwa chishalo cha njinga ya wamphamvu amamangako chingwe chotamuka, wakumbuyo n'kuchikola pa handulo yake pokwera chitunda. Poyenda pansi chingwecho chimachoka pa chikwama cha wakutsogolo kufika m'chiuno mwa wakumbuyo. Wamphamvu amatenganso katundu wa mnzake, madzi, chakudya, jekete, mpaka wofookayo atsale ndi chikwama chopepuka. Ife tinakula tikuona anthu akulandirana mtolo wa nkhuni panjira popanda wina kuchita manyazi, ndiye musalole kuti mtima wodzidalira ukulepheretseni kupereka chikwama. Koma chingwecho yeserani kunyumba. Kukokedwa pa njinga kumafuna kuzolowera, ndipo muyenera kudziwa kuchimasula msanga musanayambe kutsetsereka.

Tsono inu mubweretsa chiyani? Ndikanakhala inu ndikanaphunzira mapu ndi kampasi. Pa mipikisano imeneyi GPS ndi yoletsedwa, njira mumaipeza nokha, ndipo timu yothamanga kwambiri ikalowera chigwa cholakwika imapitiriridwa ndi timu yoyenda pang'onopang'ono koma molunjika. Ku South Africa kuli makalabu a orienteering, masewera opeza njira ndi mapu ndi kampasi, amene amalandira ongoyamba kumene. Pitani kangapo, muphunzire kuwerenga mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, ndi kuyerekeza mtunda powerenga mapazi anu. Mukhozanso kukhala wosunga nthawi ya chakudya, wokumbutsa mnzanu kuti aponye kenakake mkamwa theka lililonse la ola. Pa chakudyacho, musadalire zotsekemera zokha, pakatha tsiku limodzi pakamwa pamazikana. Tengani zamchere: mtedza wokazinga, mbatata yophika, buledi wopaka chiponde. Timapaketi ta ORS tisasowe m'chikwama.

Za tulo mugwirizane musananyamuke. Usiku woyamba anthu ambiri amaupirira. Wachiwiri ndi umene maso amayamba kunama, chitsa kuoneka ngati munthu wokhala pansi, mwala ngati galu. Ochita masewerawa amazitcha sleepmonsters. Zikayamba, gonani mphindi 20 m'mbali mwa njira mutatchera alamu, ndipo chonde musakakamire kupalasa njinga mukusinza. Mawu aukali amene angatuluke nthawi ngati imeneyo, mugwirizane kuti sadzawerengedwa kukacha.

Pamalo osinthira, pamene mumasiya njinga n'kutenga nkhafi, nthawi imatha mosadziwika. Longedzani katundu wa gawo lililonse m'thumba lakelake, mulembepo.

Funso lalikulu limene muyenera kumufunsa mnzanuyo ndi lakuti, "Kodi tikupita kukatani?" Ngati iye akufuna kukapikisana ndi matimu apatsogolo pamene inu mukufuna kukangomaliza, mudzakangana panjira, ndipo pamenepo ndingakuuzeni kuti mukane, apeze wina. Koma akayankha kuti akufuna mukamalize limodzi, mufunseninso: tikachedwa n'kutidulira njira yaifupi, mudzamva bwanji? Nanga ine ndikavulala? Mverani bwino mmene akuyankhira, osati mawu okha.

Kenako muyesane. Sankhani Loweruka limodzi, munyamuke masana, muyende mpaka pakati pa usiku, ndi zikwama zolemera monga zidzakhalire tsikulo, m'dera lotetezeka ndiponso mutauza wina kumene mwapita. Pamene mwatopa, nenani dala kuti, "Ndatopa, nditengereniko madziwa." Muone nkhope yake. Akalandira mosanyinyirika, n'kuchepetsa liwiro popanda kukuyang'anirani wotchi, ameneyo ndi woyenda naye. Muonenso ngati iye amatha kunena kuti watopa, chifukwa amphamvu ambiri mawu amenewo amawavuta.

Bwato lokha musalinyozere. Mwati simunapalasepo, ndiye pezani masiku anayi kapena asanu oti mukhale m'bwato limodzi ndi mnzanuyo. Kawirikawiri wodziwa amakhala kumbuyo n'kumawongolera, inu kutsogolo kupereka kayendedwe ka nkhafi, iye n'kumatsatira. Muyeserenso kugudubuza bwato dala pamadzi osaya ndi kukweramonso mutavala jekete yoyandamitsa, kuti tsiku limene zidzachitike mwangozi musadzachite mantha.

Mukabwera kutchuthi kumudzi mpikisano usanafike, kwerani Mulanje kuchokera ku Likhubula mutabereka chikwama chanu chija, miyendo izolowere zitunda zazitali. Ndipo mukayenda ulendo woyeserera uja, mundilemberenso, ndikufuna kumva mmene anayankhira pamene munamupatsa madzi aja.